Mbiri ya Kasefa Kojambulira Kuwala Kosaoneka ndi Maso

Diso la munthu ndi chiwalo chodabwitsa, komabe lili ndi malire ake. Kuwala kochokera ku dzuwa kumayenda m'mafunde, ena aafupi ndi ena aatali, ndipo diso limangotha kuona kagawo kochepa chabe ka mafunde amenewa. Akatswiri a sayansi amayeza kutalika kwa mafunde a kuwala ndi muyeso wotchedwa nanomita. Milimita imodzi ikagawidwa m'zigawo 1,000,000, chigawo chimodzi ndicho nanomita. Diso limaona mafunde oyambira pa mananomita 400 kulekeza pa mananomita pafupifupi 700, ndipo m'menemo ndi momwe muli mitundu yonse ya utawaleza. Kupitirira apo, kuseri kwa mtundu wofiira, kuli kuwala kwina kumene diso silitha kukuona. Dzina lake ndi infrared, kutanthauza kuti kuli kunsi kwa kufiira. Padapita zaka zoposa 100 kuti anthu aphunzire kujambula zithunzi ndi kuwala kumeneku, ndipo ntchitoyo idadalira kwambiri kanthu kooneka konyozeka: kasefa ka jelatini, kopyapyala ngati pepala.

Nkhaniyi idayamba m'chaka cha 1800 ku Slough, m'dziko la England. Kumeneko kunkakhala katswiri wa zakuthambo, William Herschel, mbadwa ya ku Hanover m'dziko la Germany, yemwe adali atatchuka kale chifukwa chotulukira pulaneti la Uranus mu 1781. Pofuna kuyang'ana dzuwa popanda kuvulaza maso, iye ankayesa magalasi a mitundu yosiyanasiyana. Adadabwa kuona kuti magalasi ena ankalola kutentha kwambiri kudutsa, pamene ena ankalola kuwala kwambiri koma kutentha pang'ono. Motero adatenga galasi la mbali zitatu lomwe limamwaza kuwala kwa dzuwa kukhala mitundu ya utawaleza, naika chipangizo choyezera kutentha pa mtundu uliwonse. Adapeza kuti kutentha kunkakwera pochoka ku mbali ya buluu kupita ku mbali yofiira. Atasunthira chipangizocho kuseri kwa mtundu wofiira, pomwe panalibe kuwala kooneka, kutentha kudakwerabe. Apa padaonekeratu kuti dzuwa limatumiza cheza china chimene diso silichidziwa. Mwana wake, John Herschel, adayesa kuonetsa chezachi mu 1840 pogwiritsa ntchito pepala lodetsedwa ndi mwaye lomwe adalinyowetsa ndi mankhwala ouma msanga. Malo amene chezacho chidagwa kwambiri ndi omwe adayamba kuuma.

Luso lojambula zithunzi lidalengezedwa ku France ndi ku England m'chaka cha 1839, koma mankhwala a siliva amene ojambula ankagwiritsa ntchito adali ndi chilema chachikulu. Ankangomva kuwala kwa buluu ndi kwa mafunde aafupi okhaokha, kotero kuti duwa lofiira linkatuluka lakuda bii pa chithunzi. Mu 1871, dokotala wa ku England, Richard Leach Maddox, adaonetsa kuti mankhwalawa angathe kusakanizidwa ndi jelatini ndi kupakidwa pa galasi. Jelatini amapezeka pophika mafupa ndi zikopa za nyama monga ng'ombe. Ndi yemwe uja amachititsa msuzi wa mapazi a ng'ombe kugwirana ukazizira. Patangopita zaka ziwiri, mu 1873, Hermann Wilhelm Vogel wa ku Berlin adatulukira kuti kuthira utoto wina m'mankhwala a siliva kumawachititsa kumva mitundu ya kuwala imene kale sankaimva. Ichi ndicho chidatsekula khomo. Pofika mu 1880, William Abney wa ku England adali atajambula gawo lina la kuwala kwa infrared kochokera ku dzuwa, ngakhale kuti njira yake idali yovuta kwambiri kuti ena aitsate.

Komabe padatsala vuto lina. Galasi kapena filimu yomva infrared siileka kumva kuwala kwa buluu ndi mitundu ina yooneka. Popeza kuwala kookekako ndi kumene kumaigwira mwamphamvu, chithunzi chimatuluka ngati cha masiku onse, ndipo infrared imangomira m'menemo. Pankafunika chinthu chotchinga kuwala kosafunikako. Ntchito ya chinthuchi njofanana ndi ya sefa ya ufa, imene imalola ufa wosalala kudutsa koma nkugwira misere. Sefa ya kuwala imalola mafunde ena kudutsa ndi kutchinga ena.

Munthu amene dzina lake lidamatirira ku masefa amenewa ndi Frederick Wratten, yemwe adali ndi kampani yopanga zipangizo zojambulira ya Wratten and Wainwright ku Croydon, kufupi ndi London. Mu 1906 kampaniyi idalandira mnyamata wophunzira bwino za mankhwala, Kenneth Mees. Chaka chomwecho iwo adayamba kugulitsa magalasi ojambulira omva mitundu yonse yooneka, ndipo padafunika masefa odalirika oyendera limodzi ndi magalasiwo. Adasankha jelatini pa zifukwa zomveka. Magalasi amitundu a nthawi imeneyo adali ochepa, ndiponso kudali kovuta kupanga awiri ofanana ndendende. Koma utoto udalipo wa mitundumitundu, ndipo unkasungunuka bwino mu jelatini. Wopanga ankayeza utoto mosamala, nkuusakaniza ndi jelatini wamadzimadzi, nkuthira pa galasi losalala. Zikauma ankamatula kachikopa kopyapyala, kochindikala gawo limodzi mwa magawo 10 a milimita. Chifukwa cha kupyapyalako, sefayo sinkapotoza chithunzi. Sefa iliyonse idapatsidwa nambala yake, kotero kuti wojambula wa ku London ndi wa ku New York akatchula nambala imodzi ankanena chinthu chimodzi. Mu 1912, George Eastman, mwini wa kampani ya Kodak, adagula kampani ya Wratten, ndipo Mees adasamukira ku Rochester m'dziko la United States kukakhazikitsa nthambi ya kafukufuku ya Kodak. Dzina la Wratten pamodzi ndi manambala ake zidasungidwa.

Zithunzi zoyamba za malo zojambulidwa ndi infrared zidasindikizidwa mu 1910. Adazijambula ndi Robert W. Wood, mphunzitsi wa sayansi pa yunivesite ya Johns Hopkins ku Baltimore. Magalasi ake ankamva infrared pang'ono kwambiri, motero kamera inkayenera kukhala chotsekula kwa mphindi zingapo, itakhazikika pa miyendo yake osagwedezeka. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Zimene Wood adaona zidadabwitsa anthu. Masamba a mitengo ndi udzu zidatuluka zoyera mbee, pamene thambo lidada ngati usiku. Mpaka lero kuyera kwa masambaku kumatchedwa ndi dzina la Wood. Chifukwa chake n'chakuti kubiriwira kwa tsamba kumameza kuwala kofiira ndi kwa buluu, koma kumalola infrared kulowa m'kati. M'katimo muli timaselo tokhala ndi mipata ya mpweya, ndipo timeneti timabweza gawo lalikulu la infrared. Thambo limada chifukwa mpweya umamwaza kwambiri mafunde aafupi a buluu, koma mafunde aatali amangodutsa. Madzi nawonso amada chifukwa amameza infrared.

Kuti luso limeneli lifike kwa anthu ambiri, padafunika utoto wamphamvu kuposa wa m'masiku a Wood. Utoto wotchedwa kryptocyanine udapezeka mu 1919, ndipo wina wotchedwa neocyanine udatsatira mu 1925. M'zaka za m'ma 1930 makampani a Kodak, Ilford ndi Agfa adayamba kugulitsa filimu ya infrared m'masitolo, ndipo nyuzipepala ya The Times ya ku London inkasindikiza zithunzi zoonetsa malo akutali amene diso silikadawaona chifukwa cha chifunga. Pa 30 December 1930, msilikali wa ndege wa ku United States, Albert W. Stevens, ali m'ndege pamwamba pa dziko la Argentina, adajambula mapiri a Andes ali pa mtunda woposa makilomita 400. Chithunzicho chidaonetsa kupindika kwa dziko lapansi. Pa 11 November 1935 iye adakwera ndi chibaluni chotchedwa Explorer II kufika pamwamba pa makilomita 22, najambulanso kupindikako moonekera bwino. Mu 1939, Walter Clark wa ku Kodak adasindikiza buku lotchedwa Photography by Infrared, limene lidasonkhanitsa zonse zimene zinkadziwika pa nkhaniyi.

Wojambula wa nthawi imeneyo ankayamba ndi kusankha sefa. Nambala 25 idali yofiira, ndipo inkatchinga buluu ndi kubiriwira koma nkulola kufiira ndi infrared kudutsa pamodzi. Nambala 29 idali yofiira moderako. Nambala 89B inkangolola kufiira pang'ono chabe, kuyambira cha pa mananomita 700 kupita m'tsogolo. Nambala 87 ndi 87C zidali zakuda, zotchinga kuwala konse kooneka. Sefa ikamaderadera, mitengo inkayera kwambiri ndipo thambo linkada kwambiri, koma nthawi yotsekula kamera inkatalikanso. Popeza zipangizo zambiri zoyezera kuwala sizinkadalirika pa infrared, wojambula wanzeru ankajambula chinthu chimodzi katatu kapena kanayi, akusinthasintha nthawi, kuti mwa zithunzizo chimodzi chituluke bwino.

Kusamala sefa kudali ntchito ina payokha. Masefa ambiri ankagulitsidwa ali a mbali zinayi zofanana, mbali iliyonse mamilimita 75, atakulungidwa m'timapepala tofewa. Jelatini amadana ndi madzi. Dontho limodzi linkamutupitsa, ndipo chala cha thukuta chinkasiya chidindo chosafufutika. Kutentha kunkamupinda, ndipo dzuwa la nthawi yaitali linkasulutsa utoto wa masefa ena. N'chifukwa chake wojambula ankagwira sefa m'mbali mokha, nachotsa fumbi ndi kaburashi kofewa kapena popemerera mpweya wouma, osati wa m'kamwa. Pofuna kuidula, ankaiika pakati pa mapepala awiri olimba, nkulemba mzere pa pepala la pamwamba, nkudula zonse pamodzi ndi sizasi yakuthwa. Potero sefayo sinkakhudzidwa ndi zala, ndiponso sinkang'aluka. M'maiko otentha ndi a chinyezi ankaisunga m'chitini chotseka bwino, pamodzi ndi mankhwala oyamwa chinyezi.

Malo omangirira sefa adalipo angapo, ndipo aliwonse adali ndi ubwino ndi kuipa kwake. Njira yofala idali kuiika m'kafelemu ka katoni kapena ka chitsulo ndi kukalowetsa m'chogwirira cha kutsogolo kwa lenzi, lomwe ndi diso la kamera. Apa kusintha sefa kudali kosavuta, koma mvula, fumbi ndi mphepo zinkaipeza. Ena ankaimata pakati pa magalasi awiri ndi ulimbo woonekera wotchedwa Canada balsam, kuti ikhalitse. Njira yachiwiri idali kuiika kumbuyo kwa lenzi, m'kati mwa kamera, momwe idali yotetezeka. Galasi lochindikala likaikidwa pamenepo limasuntha malo amene chithunzi chimagwera, koma jelatini ndi wopyapyala kwambiri moti kusunthako sikunkaoneka. Malenzi ena oona malo aakulu ankapangidwa ndi kampata kumbuyo kwake kolowetsamo kasefa kotere.

Njira yachitatu idabwera chifukwa cha makamera amene wojambula amayang'anira kudzera m'lenzi lomwelo lojambulira. M'kamera yotere, sefa yakuda ikaikidwa kutsogolo, wojambula saonanso kanthu. Ankakakamizika kukhazika kamera pa miyendo, kulunjika chinthu, kumanga sefa, kujambula, kenaka kuimasulanso. Kujambula munthu woyenda kapena nyama kudali kosatheka. Ojambula ena adaganiza zodula kachidutswa ka jelatini kokulirapo pang'ono kuposa zenera la filimu, lomwe m'makamera ang'onoang'ono ndi la mamilimita 24 ndi 36, ndi kukamata ndi tepi yopyapyala patsogolo penipeni pa filimuyo. Potero diso la wojambula linkaona zonse bwinobwino, pamene filimu inkalandira infrared yokha. Koma njirayi inkafuna dzanja lodekha. Kafumbi kalikonse kogwera pa sefayo kankaoneka pa zithunzi zonse, ndipo tepi ikamatuka inkatha kukola chitseko cha kamera ndi kuchiononga.

Padalinso mfundo ziwiri zimene woyamba kumene ankaphunzira atataya filimu. Yoyamba njakuti lenzi silipinda infrared mofanana ndi kuwala kooneka, motero chithunzi cha infrared chimagwera kumbuyo pang'ono. N'chifukwa chake malenzi ambiri adali ndi kadontho kofiira m'mbali mwake. Wojambula akalunjika ndi maso, ankawerenga mtunda wake ndi kuusunthira pa kadonthoko. Yachiwiri njakuti infrared imadutsa zinthu zina zooneka zakuda, monga matabwa ena opyapyala ndi mapulasitiki ena. Filimu yotchuka ya Kodak yotchedwa HIE inkayenera kuikidwa ndi kuchotsedwa m'kamera mu mdima wandiweyani. Filimu imeneyi inkamva mafunde ofika pa mananomita pafupifupi 900 okha, motero sinkajambula kutentha kwa thupi la munthu monga momwe ena amaganizira. Makamera oona kutentha kwa thupi amagwiritsa ntchito mafunde aatali kwambiri, ndipo ndi luso lina.

Njira yachinayi idali kuvundikira nyale ya kamera ndi sefa yakuda, m'malo movundikira lenzi. Nyale yotere ikaphethira mu mdima, anthu sankaona kuwala kwake, koma filimu inkaona. M'zaka za m'ma 1940, wojambula wa ku New York, Arthur Fellig, wodziwika ndi dzina loti Weegee, adagwiritsa ntchito mababu a infrared kujambula anthu oonera kanema m'nyumba za mdima, ena akuseka, ena akugona, onse osadziwa kanthu. Zithunzizo zidatchuka, koma zimadzutsanso funso limene likadalipo: kodi n'koyenera kujambula munthu amene akudziyesa kuti mdima wamubisa?

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse idapatsa luso limeneli ntchito yoopsa. Asilikali ankabisa mizinga ndi magalimoto pozipaka utoto wobiriwira ndi kuzifunditsa maukonde ndi nthambi zodula. Kwa woyang'ana ali m'ndege zonsezi zinkafanana ndi nkhalango. Koma utoto wobiriwira wa masiku amenewo sunkabweza infrared monga tsamba lamoyo, ndipo nthambi yodula ikayamba kufota imasiya kuibweza. Mu 1942 kampani ya Kodak idapanga filimu ya mitundu yoululira zobisikazi. Pa filimuyi zomera zamoyo zinkatuluka zofiira, pamene zinthu zopakidwa utoto zinkatuluka ndi mtundu wina. Filimuyi inkafuna sefa yachikasu, ndipo imene idakhazikika pa ntchitoyi ndi nambala 12, yotchinga buluu. Popanda sefayo mitundu yonse inkasokonezeka.

Nkhondo itatha, chida chomwecho chidatembenukira ku ntchito za mtendere. Mu 1956, Robert Colwell wa pa yunivesite ya California ku Berkeley adaonetsa kuti zithunzi za infrared zojambulidwa m'ndege zingathe kusonyeza minda ya tirigu ndi mbewu zina yogwidwa ndi matenda, popeza tsamba lodwala limabweza infrared yochepa. Madokotala adajambula mitsempha ya magazi ya pansi pa khungu. Apolisi adagwira anthu osintha manambala pa zikalata, chifukwa inki ziwiri zofanana m'maso zimatha kusiyana pa infrared. Osunga zojambula zakale adaona mizere imene mmisiri adalemba asadapake utoto. Mipukutu yakale imene idayamba kupezeka mu 1947 m'mapanga a ku Qumran, kufupi ndi Nyanja Yakufa, idali ndi zidutswa zambiri zachikopa zodetsedwa ndi ukalamba moti malemba sankaoneka. M'zaka za m'ma 1950, Najib Albina adazijambula ndi filimu ya infrared ku Jerusalem. Chikopa chidatuluka choyera, inki nkukhala yakuda, ndipo mawu olembedwa zaka pafupifupi 2,000 zapitazo adawerengeka. Zidutswa zina zidapitiriza kuonongeka pambuyo pake, kotero kuti zithunzi za Albina ndi umboni wa mtengo wapatali.

Mu 1972 dziko la United States lidatumiza m'mlengalenga setilaiti yoyamba ya Landsat, yomwe inkayeza kuwala kooneka pamodzi ndi infrared popanda filimu. Mfundo yake idali yomwe ija ya Wood, yakuti tsamba lamoyo limabweza infrared. Lero akatswiri a nkhalango ndi a ulimi m'maiko ambiri, kuphatikizapo Malawi ndi Zambia, amayang'ana zithunzi za masetilaiti kuti adziwe kumene mitengo yatha ndi kumene chilala chagwira mbewu.

Kubwera kwa makamera a kompyuta kudagwetsa malonda a filimu. Kodak idasiya kupanga filimu ya HIE mu 2007, ndipo ya mitundu yotchedwa Aerochrome idasiyidwa mu 2009. Wojambula wa ku Ireland, Richard Mosse, adatenga yotsala ya Aerochrome kupita nayo kum'mawa kwa dziko la Democratic Republic of Congo kuyambira mu 2010, komwe adajambula asilikali ndi anthu othawa nkhondo pakati pa mapiri ofiira ngati magazi. Ntchito yake yotchedwa The Enclave idaonetsedwa ku Venice mu 2013. Filimu imene idapangidwa kuti iulule adani obisala idagwiritsidwa ntchito kukumbutsa dziko za nkhondo imene ambiri sankaiganizira. Kampani ya Kodak yeniyeniyo idapempha chitetezo cha khoti chifukwa cha ngongole mu 2012, patatha zaka 100 chigulireni kampani ya Wratten.

Makamera a masiku ano amamva infrared mwachibadwa, kotero kuti opanga amaikamo sefa yoitchinga, ndipo wofuna kujambula nayo amachotsa sefayo ndi kuikapo ina yotchinga kuwala kooneka. Masefa ambiri tsopano ndi a galasi kapena a pulasitiki, amene saopa chinyezi. Komabe wogula akafuna kufotokoza chimene akufuna, amatchulabe nambala 25, 87 kapena 89B, manambala a m'ndandanda umene udayambira ku Croydon. Mutu umodzi susenza denga: Herschel adapeza kuwalako, Maddox adabweretsa jelatini, Vogel adapeza mphamvu ya utoto, Wratten ndi Mees adapanga sefa yodalirika, ndipo Wood adaonetsa dziko maonekedwe ake. Wofuna umboni wa ntchito yawo sayenera kupita kutali. Akaloza kachipangizo kosinthira wailesi ya kanema ku kamera ya foni ndi kudina batani, pa mafoni ambiri amaona kanyale kakuphethira pamene maso ake sakuona kanthu. Kumeneko ndiko kuwala kumene Herschel adakupeza mu 1800.